Mödlareuth, kamudzi ka alimi ku Germany komwe kanadulidwa pakati ndi khoma: mafunso ndi mayankho

Chiikireni zithunzi za kamudzi aka pa Facebook mafunso sakutha, ena ku inbox ena m'magulupu a WhatsApp, ndipo ambiri ndi omwewomwewo, nde ndaona kuti bola ndingowaika pamodzi apa kuti aliyense azidziwerengera. Ine ndimakhala ku Bavaria konkuno ndipo ndapitako kangapo, pena ndekha pena kuperekeza alendo ochokera kumudzi. Ngati funso lanu layankhidwa kale pena ndikulozerani komweko.

Kodi Mödlareuth ili kuti kwenikweni?

Ili pamalire a zigawo ziwiri za Germany, Bavaria ndi Thuringia, m'dera lomwe amalitcha Vogtland. Tauni yodziwika yomwe ili pafupi ndi Hof, cha kummwera, pagalimoto ndi ulendo wa mphindi zochepa chabe. Chigawo chachitatu cha Saxony nachonso chili pafupi kwambiri moti pali mwala pamalo pomwe zigawo zitatuzi zakumana, ndipo malire a dziko la Czech Republic sali kutali. Mukayang'ana pa mapu mupeza kuti kamudzika kali pafupifupi pakati pa Berlin ndi Munich, chapafupi ndi msewu waukulu wa A9 womwe umalumikiza mizinda iwiriyi.

Ndi mudzi waukulu bwanji?

Waung'ono zedi, anthu ake sapitirira 50. Nyumba zingapo, makola ndi nkhokwe za udzu, dziwe, minda basi. Mutha kuuzungulira wonse wapansi tiyi wanu asanazizire.

Dzinali limatchulidwa bwanji, ndipo limatanthauza chani?

Yesani kunena kuti Medla-roit, koma "e" woyambayo mumutchule milomo itasongoka ngati mukufuna kuimba likhweru. Mu Chijeremani "eu" amamveka ngati "oi".

Kumapeto kwa dzinali kuli "reuth", mawu akale onena za malo omwe anthu anagwetsa nkhalango kuti alimepo, kwathu tingati kuswa mphanje. Mayina otere ali mbwee m'dera lonseli, Bayreuth, Tirschenreuth, Pilgramsreuth ndi ena, ndipo akukuuzani mbiri ya malowa osatsegula buku: kunali nkhalango yowirira, kunabwera anthu ndi nkhwangwa, anazula zitsa, anayamba kulima.

Malo ake ndi otani? Kumazizira?

Ndi dziko la zitunda ndi timadambo, minda ili m'malo otsetsereka pang'ono, m'mphepete muli nkhalango za mitengo yonga paini. Kutalika kwake kuchokera pa nyanja yamchere ndi mamita 500 ndi kanthu. Wina anandiuza kuti nde ndi kotsika bwanji poti Lilongwe ili pamwamba pa mamita 1,000, zoona, koma kuno tili kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi nde mamita 500 omwewo ndi okwana kuti chisanu chikhale choopsa. Dera la Hof anthu amalitcha Siberia ya ku Bavaria chifukwa cha kuzizira komweku. Sinowo imagwa, nthaka imauma gwa, mphepo yake yolowa m'mafupa, ndipo nyengo yolima ndi yaifupi kuyerekeza ndi madera otsika a Germany.

Pakati pa mudzi pamadutsa kamtsinje kotchedwa Tannbach. Ndikati kamtsinje ndikunena zoona, malo ena mwana wa sukulu atha kungolumpha. Kamakathira mu mtsinje wa Saale pafupi ndi tauni ya Hirschberg, Saale amakathira mu Elbe, Elbe n'kudutsa Hamburg kukalowa m'nyanja. Kamtsinje aka ndi komwe kali pakati pa nkhani yonseyi.

Amalima chani kumeneko?

Mbewu zopirira kuzizira ndi nthaka ya miyala: balere yemwe wambiri amapita kofulula mowa, tirigu, rye wopangira buledi wakuda uja, oats, mbatatesi, komanso repu wofinya mafuta yemwe mu Meyi amasandutsa minda yonse chikasu. Chimanga chiliko koma si cha ufa ayi, amachidula chikadali chobiriwira, kuchiduladula ndi mapesi omwe n'kuchisunga kuti ng'ombe zizidya nthawi ya chisanu. Malo ambiri ndi a udzu wodyetsa ng'ombe za mkaka, ndipo kumweta udzu ndi kuusunga ndi ntchito yaikulu ya chilimwe chawo chifukwa miyezi yozizira ziweto zimakhala m'khola.

Pa mbatatesi pali nkhani yomwe anthu a boma la Hof amanyadira. Ku Pilgramsreuth, mudzi wina wa m'boma lomweli, mlimi wotchedwa Hans Rogler ankalima mbatatesi m'munda cha m'ma 1647, nthawi yomwe madera ambiri a Germany mbewuyi ankangoiona ngati duwa la m'dimba la anthu olemera. Mpaka lero chakudya cha Lamulungu m'dera lino ndi nyama yowotcha ndi mibulu ya mbatatesi yomwe amaitcha Klöße.

Zinatheka bwanji kuti mudzi umodzi ukhale m'zigawo ziwiri?

Ambiri amaganiza kuti malirewa anabwera ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma ayi, ndi akale kwambiri. Kalelo Germany sinali dziko limodzi, inali timaufumu tambirimbiri, ndipo m'zaka za m'ma 1500 Tannbach anaikidwa kukhala malire pakati pa dziko la olamulira a ku Bayreuth ndi dziko la banja lachifumu la Reuss. Mu 1810 mbali ya Bayreuth inalowa mu ufumu wa Bavaria, nde anaika miyala ya malire yomwe ilipobe mpaka pano, mbali imodzi yolembedwa KB kutanthauza ufumu wa Bavaria, mbali inayo FR kutanthauza dziko la Reuss. Germany itagwirizana mu 1871 malirewo anatsala a mkati mwa dziko, ndipo mu 1920 dziko la Reuss linalowa m'chigawo chatsopano cha Thuringia.

Koma chomwe ndimafuna anthu amvetse ndi ichi: zaka mazana onsewo malire analipo koma sanavutitse munthu. Sukulu inali mbali ya Thuringia ndipo ana a mbali zonse ankaphunzira momwemo, nyumba yomwera mowa ndi kucheza inalinso mbali ya Thuringia, pomwe kutchalitchi onse ankapita ku Töpen, mbali ya Bavaria. Ankaimba kwaya imodzi, kukwatirana, kubwerekana zipangizo, maliro kulira limodzi. Malire anali nkhani ya msonkho ndi mapepala a boma, kwa mlimi kanali kamtsinje komwetsa ziweto basi.

Nde zinayamba kusokonekera liti?

Mu 1944 nkhondo isanathe, America, Britain ndi Soviet Union anagwirizana ku London mmene adzagawanire Germany ikadzagonja, ndipo pojambula mizere yawo anangotsata malire akale a zigawo. Bavaria inagwera America, Thuringia inagwera Soviet Union. Anthu omwe ankajambula mapuwo sankadziwa n'komwe kuti kuli mudzi wotchedwa Mödlareuth, koma mzere wawo unadutsa mu Tannbach.

Mu Epulo 1945 anayamba kufika ndi asilikali a America omwe analowa mpaka mkati mwa Thuringia, kenako mu Julayi anabwerera mmbuyo motsata pangano lija n'kusiyira a Soviet. A Soviet atafika anatenga mudzi wonse ndi mbali ya Bavaria yomwe, anakhalako pafupifupi chaka mpaka mu 1946 pomwe anabwerera kutsidya kwa kamtsinje. Mu 1949 kunabadwa mayiko awiri, West Germany (komwe kunagwera Bavaria) mu Meyi ndi East Germany (komwe kunagwera Thuringia) mu Okutobala, nde kuyambira pamenepo Tannbach anali malire a mayiko awiri osamwerana madzi. Komabe zaka zoyambirirazo munthu ukakhala ndi chiphaso umatha kuwoloka.

Chinachitika n'chani mu 1952? Mumachitchula kawirikawiri chakachi

Ndimachitchula chifukwa kwa anthu a m'midzi ya m'malire chaka chowawa ndi chimenechi, osati 1961 yomwe dziko lonse limadziwa chifukwa cha khoma la Berlin. Pa 26 Meyi 1952 boma la East Germany linalamula kuti malire onse ndi West Germany atsekedwe. Anakhazikitsa magawo atatu: mamita 10 oyamba kuchokera pamalire ankalimidwa ndi kusalazidwa kuti mapazi a munthu azioneka, kenako mamita 500 a chitetezo chokhwima, kenako makilomita 5 omwe munthu wamba samalowa popanda chilolezo. Mbali ya kummawa ya Mödlareuth yonse inagwera m'mamita 500 aja.

Chaka chomwecho anamanga mpanda wa matabwa wotalika kuposa munthu pakati pa mudzi. Ana a mbali ya Bavaria sukulu yawo inatsala kuseri kwa mpanda, akhristu a mbali ya Thuringia tchalitchi chawo cha ku Töpen chinatsala kutsidya.

Ndipo chowawa kwambiri, mu Juni 1952 boma linayamba kusamutsa mokakamiza anthu omwe linkawakayikira m'malire monse, ntchito yomwe anaipatsa dzina loti Aktion Ungeziefer, ndipo Ungeziefer ndi tizirombo ngati nsikidzi ndi mphemvu. Tangoganizani boma kutcha anthu ake dzina limenelo. Apolisi ankafika mbandakucha, kukupatsani maola ochepa kuti mulongedze, kukukwezani lole n'kukakutulani kutali mkati mwa dziko, munda ndi ziweto kutsala. Anthu masauzande anasamutsidwa chonchi, ndipo mu 1961 anachitanso kachiwiri. Ku Mödlareuth mabanja angapo anakhudzidwa. Kuti munthu alowe pa mndandanda sizinkafuna zambiri, kukhala ndi abale kumadzulo, kudandaula za boma pagulu, kapena kungonenezedwa ndi mnansi.

Khoma lenilenilo linamangidwa liti, ndipo linali lalikulu bwanji?

Mu 1966, patatha zaka zisanu chimangireni la ku Berlin. Pakati pa 1952 ndi 1966 mpanda unkangosinthidwa, matabwa kuchotsa kuika waya waminga, kenako kuwonjezera zina, mpaka anafika pa khoma la simenti lotalika pafupifupi mamita 700 mulitali ndi mamita 3.3 kupita mmwamba. Panali nsanja za alonda ndi magetsi owala usiku wonse.

Malire onse a mayiko awiriwa anali pafupifupi makilomita 1,400 ndipo malo ambiri munali mpanda wa waya wachitsulo, khoma ankamanga pomwe nyumba zayandikana kwambiri ndi malire. Cholinga sichinali kutchinga njira kokha komanso maso, kuti anthu asamaonane n'komwe. Asilikali a America omwe ankalondera mbali ya kumadzulo ndi omwe anayamba kukatcha kamudzika Little Berlin, Berlin wamng'ono, ndipo dzinali linakakamira mpaka lero.

Khomalo linkateteza ndani?

Boma la East Germany linkanena kuti likuteteza anthu ake kwa adani a kumadzulo. Koma mukaima pamalopo n'kuona mmene zinthu anaziyalira, mipanda, ngalande yotchinga magalimoto, magetsi, zonse zinayang'ana mkati, kwa anthu awo omwe. Pakati pa 1949 ndi 1961 anthu oposa 2.5 miliyoni anachoka ku East Germany kupita kumadzulo, ambiri achinyamata, madokotala, amisiri, aphunzitsi ndi alimi omwe, nde boma linaona kuti dziko likutha anthu.

Moyo unali wotani kwa omwe anatsala mbali ya kummawa?

Wovuta, ndipo kuvuta kwake kunali kwa tsiku ndi tsiku. Munthu wokhala m'mamita 500 aja amayenera kukhala ndi chidindo chapadera mu chitupa chake, polowa ndi potuluka m'deralo kuonetsa kwa apolisi. Mbale wako wa mu East Germany momwemo kuti adzakuone amayenera kupempha chilolezo pasadakhale ndipo chimatha kukanidwa. Usiku kuyendayenda kunali koletsedwa. Kupereka moni kapena kubayibitsa munthu wa kutsidya unali mlandu, olo akhale mchimwene wako wobadwa naye bere limodzi, ukamuona wakwera pachitunda cha kumadzulo akukuyang'ana iwe umayenera kupitiriza ntchito yako ngati sunamuone.

Pamwamba pa zonsezi panali mantha a kusamutsidwa omwe ndafotokoza pa funso la 1952, komanso a Stasi, apolisi achinsinsi omwe anali ndi makutu paliponse. Munthu umayamba kusamala zolankhula ngakhale ndi anansi omwe unakula nawo. Ine ichi ndi chomwe chimandikhudza kwambiri ndikamayenda mbali imeneyo, mudzi wa anthu ochepa chonchi omwe amadziwana mpaka agogo awo, kufika pomaopana.

Nanga a mbali ya kumadzulo? Iwo nde ankangosangalala?

Ufulu anali nawo, amatha kupita komwe akufuna, kulankhula zomwe akufuna. Koma nawonso anataya zambiri. Misewu yomwe kale inkapita ku Thuringia ndi Saxony inangothera pa mpanda, dera la Hof lomwe linali pakati pa Germany linasanduka kumathero a dziko, kummawa Czechoslovakia yotseka, kumpoto East Germany yotseka. Misika yakale inatayika, achinyamata ambiri anasamukira kumizinda, moti boma la West Germany linkapereka thandizo lapadera kumadera a m'malire kuti asafe.

Chinanso, mbali yawo inasanduka malo odzaonerera. Mabasi a alendo ankabwera, ana a sukulu, andale, atolankhani, onse kudzasuzumira kuseri kwa khoma. Mu 1983 kunabwera George Bush wamkulu, nthawi imeneyo ali wachiwiri kwa pulezidenti wa America. Kwa alendowo chinali chodabwitsa cha tsiku limodzi, koma kwa mlimi wokhala pomwepo kuseri kwa khomalo kunali nyumba ya azakhali ake.

Minda ndi ziweto zinatha bwanji? Ulimi unasiyana mbali ziwirizi?

Unasiyana kwambiri. Choyamba malire atatsekedwa, mlimi yemwe munda wake kapena dambo lake la udzu linali kutsidya ndiye kuti basi lapita, izi zinachitika m'midzi yambiri ya m'malire.

Kummawa a Soviet anayamba mu 1945 ndi kulanda minda ikuluikulu yoposa mahekitala 100 n'kugawira anthu. Kuyambira 1952 boma linayamba kukankhira alimi m'makopaletivi otchedwa LPG, poyamba mokopa kenako mokakamiza, ndipo pofika 1960 pafupifupi alimi onse anali atalowamo. Minda, ng'ombe, mathilakitala zinapita ku gulu, mlimi anasanduka wantchito wolandira malipiro, kunyumba amangotsala ndi kamunda ka theka la hekitala ndi ziweto zochepa. Milambala ya pakati pa minda anaiphwasula kuti mashini akuluakulu azidutsa. Ndipo kulima pafupi ndi mpanda sikunali kongodzuka n'kupita, kumafuna chilolezo ndi maso a asilikali.

Kumadzulo minda inakhalabe ya mabanja, bambo kusiyira mwana. Koma nakonso zinthu sizinaime, mashini anabwera, mitengo ya mkaka ndi mbewu inayamba kudalira malamulo a msika wa mayiko a ku Ulaya, ndipo mafamu ang'onoang'ono ambiri anatseka kapena mwini wake kumalima madzulo ndi Loweruka ataweruka ku fakitale. 1990 itadutsa ma LPG ambiri sanagawidwenso ayi, anangosanduka makampani kapena makopaletivi atsopano, n'chifukwa chake mpaka pano mukaona zithunzi za mumlengalenga minda ya kummawa ndi zikuluzikulu pomwe ya ku Bavaria ndi tizigawo ting'onoting'ono.

Alipo omwe anathawa kudzera pa Mödlareuth?

Alipo. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya banja lomwe linali ndi chigayo choyendera madzi m'mphepete mwenimweni mwa Tannbach mbali ya kummawa. Mu 1952 atadziwa kuti ali pa mndandanda wosamutsidwa analumpha kuchokera m'nyumba yawo yomweyo kugwera mbali ya Bavaria komwe anansi anawalandira. Anapulumuka koma chigayo, nyumba ndi zonse anasiya, ndipo pambuyo pake boma linagwetsa nyumbazo chifukwa zinali pafupi kwambiri ndi malire.

Khoma la simenti litamangidwa, wodziwika kuti analidumpha bwinobwino ndi mmodzi yekha, dalaivala wina mu 1973. Anali ndi chilolezo cholowa m'dera lotsekedwalo chifukwa cha ntchito yake, nde anayendetsa galimoto mpaka pakhoma, kuika makwerero pamwamba pa galimotoyo n'kudumphira kutsidya. Musaone ngati zinali zophweka, asilikali anali ndi lamulo lowombera, m'malo ambiri a malirewa munali mabomba okwirira ndi mfuti zodziwombera zokha munthu akakhudza waya, ndipo anthu mazana anafa poyesa kuwoloka.

Abale ankaonana bwanji ngati moni womwe unali woletsedwa?

Mozungulira. Pangano la mayiko awiriwa la 1972 litatheka, anthu a kumadzulo okhala m'maboma a m'malire anayamba kuloledwa kupita kummawa kukacheza, koma dera lotsekedwa lija samaloledwa kulowamo, onani funso la moyo wa kummawa. Nde munthu amanyamuka pakhomo pake, kupita ku Hof, kudutsa pa boda yovomerezeka ndi mapepala onse, kukakumana ndi mbale wake ku tauni ina ngati Plauen, mbale yemwe nyumba yake amaiona tsiku lililonse ali pakhonde. Ulendo wa maola kuti ukagwire chanza munthu wokhala mamita mazana ochepa kuchokera kwanu. A kummawa omwe amaloledwa kupita kumadzulo mosavuta anali makamaka okalamba opuma pantchito.

Khomali linagwa tsiku limodzi ndi la ku Berlin?

Ayi. La Berlin linatseguka pa 9 Novembala 1989 koma ku Mödlareuth khoma linakhalabe chiimire mwezi wathunthu. Anthu amatha kuwoloka inde koma podzera maboda ena, kuzungulira, pamzere wautali wa timagalimoto ta Trabant tomwe tinadzaza misewu ya ku Hof masiku amenewo, aliyense akukalandira 100 DM, ndalama ya kumadzulo ya nthawiyo, yomwe West Germany inkapereka kwa mlendo wochokera kummawa. Hof yomweyo ndi komwe masitima onyamula anthu a ku East Germany omwe anathawira ku ofesi ya kazembe wa West Germany ku Prague, likulu la Czechoslovakia, anafikira pa 1 Okutobala 1989.

Anthu a m'mudzimo anakakamira kuti nafenso titsegulireni, ndipo pa 9 Disembala 1989 anaboola khoma n'kupanga kachipata ka anthu oyenda pansi. Patatha zaka 37 munthu anayendanso wapansi kuchoka mbali ina ya mudzi kupita inzake. Pa 17 Juni 1990 chigalimoto chokumba chinagwetsa mbali yaikulu ya khomalo, ndipo tsikuli linali ndi tanthauzo chifukwa pa 17 Juni 1953 ndi pomwe anthu a ku East Germany anaukira boma n'kuponderezedwa ndi akasinja a Soviet. Mayiko awiriwa anagwirizana kukhala limodzi pa 3 Okutobala 1990.

Nanga bwanji pazithunzi zanu khoma likuonekabe?

Anasiya dala chigawo cha mamita pafupifupi 100 kuti chikhale chikumbutso. Si onse anakondwa nazo poyamba ndipo ine ndimawamvetsa, munthu wakhala zaka zonsezo ukuyang'ana chinthu chomwe chakulekanitsa ndi abale ako, umangofuna chichoke. Koma ena, kuphatikizapo Arndt Schaffner wojambula zithunzi yemwe anakhala zaka akujambula malirewa kuchokera kumadzulo, anaona kuti zikachotsedwa zonse ana obadwa mawa sadzakhulupirira. Kuchokera apo kunabadwa myuziyamu yotchedwa Deutsch-Deutsches Museum Mödlareuth yomwe inatsegulidwa mu 1994.

Panja mumaona khomalo, nsanja za alonda, mipanda ya waya, magetsi, ndi kasinja wa Soviet, mkati muli magalimoto a asilikali a m'malire, zithunzi ndi kanema wofotokoza mbiri yonse. Alendo masauzande ambiri amabwera chaka chilichonse m'mudzi wa anthu osakwana 50. Mu Novembala 2019 kunabwera Mike Pompeo ali nduna ya zakunja ya America limodzi ndi mnzake wa Germany Heiko Maas, Pompeo ali mnyamata anagwirapo ntchito ya usilikali m'malire omwewa.

Ndinaonera sewero la pa TV lotchedwa Tannbach, ndi mudzi womwewu?

Sewerolo, lomwe linaonetsedwa pa ZDF, wailesi ya kanema ya ku Germany, mu 2015, linatengera nkhani ya Mödlareuth ndipo dzina analitenga ku kamtsinje kaja, koma mudzi ndi anthu a m'seweromo ndi opeka. Musalitenge ngati mbiri yeniyeni ya mabanja a kumeneko.

Lero ndi mudzi umodzi tsopano?

Pa umoyo wa anthu eya, amawoloka mmene akufunira, amacheza, zochitika amapangira limodzi. Koma pa mapepala ukadali pawiri ngati mmene zinalili 1945 isanafike. Mbali ya Bavaria ili pansi pa Töpen m'boma la Hof, mbali ya Thuringia ili pansi pa tauni ya Gefell m'boma la Saale-Orla. Nde mameya ndi awiri, manambala a positi awiri, makodi a foni ya m'nyumba awiri, magalimoto ena nambala yake imayamba ndi HO ena SOK, povota masankho a zigawo amavota kosiyana, ana a sukulu matchuthi awo amagwa masiku osiyana poti ku Germany maphunziro amayendetsa ndi zigawo. Moni womwe umasiyanako, ku Bavaria mumva Grüß Gott pomwe ku Thuringia ndi Guten Tag.

Malo omwe munali mipanda aja anawatani?

Apa pali chinthu chomwe palibe anachikonza. Zaka pafupifupi 40 m'kamzere kameneka simunkalimidwa mbewu kapena kuthiridwa feteleza ngati m'minda ina, anthu samayendamo, nde mbalame, tizilombo ndi zomera zomwe zinasowa kwina zinapeza pobisala. Pa 9 Disembala 1989, tsiku lomwe lija kachipata ka Mödlareuth kanatseguka, anthu osamala zachilengedwe a mbali zonse ziwiri anakumana ku Hof n'kugwirizana kuti kamzereka katetezedwe. Anakatcha Grünes Band, lamba wobiriwira, ndipo kakutsata malire akale kuchokera kunyanja ya Baltic mpaka kufupi ndi Hof. Thuringia inaika gawo lake pansi pa chitetezo cha lamulo mu 2018. Msewu wa masilabu a simenti womwe asilikali ankayendamo polondera ulipobe malo ambiri, pano mumayenda anthu okwera njinga ndi oyenda wapansi.

Zikufanana ndi malire a kwathu kuno?

Funso ili limabwera kwambiri kwa anthu a ku Ntcheu, Dedza ndi Mchinji. Mbali ina eya, aliyense wodutsa pa Lizulu amadziwa kuti msewu womwewo mbali iyi ndi Malawi mbali iyo ndi Mozambique, anthu ake chilankhulo chimodzi, msika umodzi, maukwati ndi maliro amodzi, mzere anajambula ndi anthu akutali. Mödlareuth isanafike 1945 inali chonchi ndithu. Kusiyana kwake n'koti kwathu mzerewo sunasandukepo khoma la simenti lokhala ndi asilikali owombera aliyense wofuna kukaona amalume ake kutsidya kwa msewu.

Ndikufuna kukafikako, ndiyende bwanji?

Kwerani sitima mpaka Hof, masitima amafikako kuchokera ku Nuremberg, Munich, Leipzig ndi Dresden. Kuchoka ku Hof mabasi opita kumidzi ndi ochepa makamaka Loweruka ndi Lamulungu, nde muonetsetse nthawi zake musananyamuke, apo ayi takisi, galimoto ya mnzanu kapena njinga nthawi yotentha. Onaninso masiku ndi maola omwe myuziyamu imatsegula chifukwa amasintha malinga ndi nyengo. Ngati mukupita pakati pa Novembala ndi Malichi valani zenizeni, jekete yokhuthala, chipewa, magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi, poti zambiri zoona zili panja pamphepo.

Patulani maola awiri kapena atatu, yambani ndi kanema wa mu myuziyamu kenako muziyenda panja. Chonde kumbukirani kuti nyumba zomwe zazungulira malowa ndi makomo a anthu, ena mwa iwo anakulira kuseri kwa khoma lomwelo, musalowe m'mabwalo awo kapena kuwajambula osapempha, thilakitala ikamabwera ipatseni njira ali pantchito. Mukafika pa Tannbach yang'anani mwala wa malire uja muone KB mbali iyi ndi FR mbali inayo, kenako muwoloke.